Vidiyo Yopanda Mawu

Lamulungu, 3 Novembala 2024. Oshawa, Canada.

Nkhondo yatha. Taimaliza masana ano ine ndi mng'ono wanga Ambrose, m'kabati ya zovala muja, mabulangete mbali zonse, maiki imodzi pakati. Thukuta ngati tili ku Nsanje, kunja kukuzizira.

Nthawi zina ndimadziseka. Ku Bangwe ndinkamasulira mafilimu a karate m'vidiyo sho, anthu ali pa mabenchi. Lero ndine bambo wa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku weyahausi ku Mississauga, koma matenda ake omwe aja. Pano ndi katuni ya ku Japan ya achifwamba a panyanja. Timaika mawu a Chichewa n'kutumiza kumudzi, anyamata a mavidiyo sho amaonetsa. Kaputeni ndinamutcha Zagwa, mawu ake ndine. Woyendetsa chombo ndi Bwande, ameneyo Ambrose. Maina awo enieni ndani angawatchule?

Lero Bwande wafa. Mkondo pachifuwa, kutulukira kumsana, doko lonse likuyaka. Ambrose amadziwa kufa, mwana ameneyu! Anamwa madzi n'kumakhosomola nawo pa maiki. Atatha, kuseka. "Basi ndafa, achimwene, ganyu yatha. Ndipite ndikakoke magalimoto."

Tinakanganako pang'ono. Pali pomwe msilikali wa boma wanyamula wachifwamba wovulala paphewa. Ine ndinati, "Ndatola ndiwo, ndikaotche!" Ambrose kuimitsa. "Achimwene, muziwerenga mawu a m'munsiwo. Akupita naye kwa dokotala. Mukunamizira anthu." Asa! Andiphunzitse ntchito ine? DJ weniweni saonera filimu kawiri, sawerenga za m'munsi. Umayang'ana chithunzi, chimakuuza chokha. Ndasiya choncho, kumudzi akaseka.

Ndamuuzanso za thiraki yake yokokera magalimoto. Madalaivala amenewa amalimbirana ngozi ngati afisi pa nyama yakufa. Kuotcherana mathiraki, kuopsezana. Iye akuti ku weyahausi kwanu ndikafa ndi tulo.

Lachiwiri, 5 Novembala

Regina, mkazi wa Ambrose, anaimba ndili pa folokolifiti. Mawu awiri okha: "Alamu, bwerani."

Ambrose wamenyedwa. Mmawa, m'mbali mwa msewu wa 401, pomwe panachitika ngozi. Anafika woyamba, ena akuti malowo ndi awo.

Sindinamuzindikire. Mutu ngati dzungu. Diso lakumanzere latsekeka, chibwano chathyoka pawiri, mano atatu kulibe. Nthiti zothyoka. Paipi kukamwa, makina akumupumira. M'khutu magazi ouma, palibe anawapukuta, ndinapukuta ndi malaya anga. Dokotala akuti mtima unaimako pamsewu pomwepo. Akuti tidikire.

Dzana lomweli amafa mwamasewera m'kabati mwanga. Botolo lake la madzi likadali pansi pa maiki.

Sindinalire.

Lachinayi, 7 Novembala

Vidiyo yafika. Malcolm, mnzathu wa ku Chipata, ndiye wanditumizira, akuti ikuyenda m'magulu a pa foni. Wajambula ndi munthu wodutsa pagalimoto, zenera lotseka. Yaifupi, yogwedera, yopanda mawu.

Ambrose chagada pa phula. Pamwamba pake chimunthu, mzungu, ndevu zofiira, jekete yachikasu. Wagwada, manja onse awiri pachifuwa cha Ambrose, kukanikiza ndi thupi lonse. Kukanikizanso. Kukanikizanso. Mutu wa Ambrose ukungogwedezeka. Kenako chimunthucho kutembenuka, kukamwa yasa, kukuwa.

Mawu mulibe koma ndawamva. "Ifa, galu iwe! Ifa!" Ntchito yanga imeneyi, milomo ndimaiwerenga.

Nthiti zija ndi pamenepa.

Ndaionera mpaka foni kuzima. Kutchaja, kuoneranso.

Regina wakana kuiona. "Ndikamuona ali pansi ndifa ine." Chabwino. Iye amasamalira nkhalamba tsiku lonse, mabala wawaona okwanira.

Ndinaimbira wapolisi yemwe akufufuza nkhaniyi, mayi. Akuti vidiyoyo aiona, munthuyo ayankhula naye kale, ndipo ali kwawo. Ali kwawo! Anayamba kuti, "Bambo, ndimvereni kaye," ine kudula foni. Ndimvere chiyani? Akanakhala Ambrose wakanikiza mzungu choncho, bwenzi pano ali m'chitokosi, chithunzi chake pa TV.

Loweruka, 9 Novembala

Ndalowa m'kabati ndekha. Gawo la pambuyo pa nkhondo.

Gombe lodzaza mitembo. Nkhanu zikudya maso a anthu. Zombo zopserera, utsi, nsapato zoyandama ndi miyendo momwemo. Zagwa akukoka mtembo wa Bwande pamchenga, mkondo ukadali pachifuwa, ukulemba mzere. Kale pamenepa ndikanati, "Aise, ukulemera bwanji, unadya chiyani?" Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Chinatuluka china.

Ndakuwa. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Wa nyumba yapamwamba kuponda pansi kuti nditonthole, ine kumutukwana m'Chichewa. Ndamenya khoma la kabati mpaka kuboola. Zala ziwiri zatupa.

Ndatumiza momwemo. Mnyamata wa ku Ndirande wayankha: "A DJ, mwayamba maliro? Anthu akufuna kuseka." Wina akuti holo yonse inangoti zii, mayi wina anatuluka akulira.

Amayi kumudzi ndawauza kuti Ambrose anagwa pa ntchito.

Lolemba, 11 Novembala

Ku ntchito ndanama kuti ndikudwala. Kuzungulira matauni apafupi: Whitby, Ajax, kubwerera. Paliponse mathiraki amaima kudikira ngozi.

Ndamupeza. Pa malo omwera khofi pafupi ndi polowera 401. Thiraki yoyera, jekete yomweyo. Sanaisinthe n'komwe! Pamkono pali banga lakuda, ndikudziwa ndi magazi a ndani. Mnzake anamuitana: Mark. Ali ndi dzina, galu.

Anagula khofi ndi donati. Ndayang'ana manja akewo akunyema donati. Zala zonenepa, zaubweya. Anakhala m'thiraki nthawi yaitali, osadya, kungoyang'ana kutsogolo. Chikumbumtima. Chimudye.

Kuchipatala palibe kusintha. Ndamuikira Ambrose foni pakhutu, gawo lomwe Bwande amaba nkhuku za kaputeni. Regina anaseka n'kulira nthawi imodzi. Iye ayi ndithu, ngakhale chala.

M'buti ya galimoto ya Ambrose muli sipanala yomasulira mateyala, yaitali ija. Ndaisamutsira mwanga.

Lachinayi, 14 Novembala

Nesi akuti dzulo kunabwera mzungu wamkulu thupi, wandevu, kufunsa za Ambrose. Sanamulole chifukwa si wachibale. Anaima pakhomo kanthawi n'kumapita.

Wafika mpaka pakhomo! Akufuna adziwe ngati adzuke n'kumutchula. Kapena amalize. Paipi imodzi yokha kuizula, basi. Apolisi ali kuti? Akumwa khofi.

Regina wandigwira mkono pa khonde. "Alamu, maso anuwo sindikuwakonda. Mukachita zopusa akumangani, kenako akuthamangitsani dziko lino. Ine nditsala ndi ndani? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndamuyankha kuti nkhonoyo ikhala itafa. Ndinalakwa kumuyankha choncho, koma ndamuyankha.

Akunena zoona, mapepala anga si a nzika. Ndikudziwa. Ndinabwera kuno ndine, ndinamuitana ndine, amayi ndinawalonjeza ndine kuti mwana wanu ndimuyang'anira. Ndamuyang'anira bwino kwambiri.

Madzulo gawo lina. Zagwa wapeza msilikali yemwe anaponya mkondo uja, wabisala pansi pa bwato. Wamukoka ndi tsitsi. Msilikali akuyankhula, akuyankhula, mawu a m'munsi akuthamanga mizere iwiriiwiri. Sindinawerenge. Ndinamupatsa anga: "Inde ndinamupha, nanga utani?" Zagwa kukweza tcheni cha nangula. Gawo kuthera pomwepo.

Lotsatira sindinatsegule. Ndikudziwa kale mathero ake.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndachita.

Foni ndinaisiya pa tebulo kuti isandilondole. Kunja kukucha, chisanu pa magalasi. Anali yekha kuseri kwa thiraki, akumanga matcheni. Sipanala ndinaibisa m'mkono wa jekete.

Atandiona anaimirira. Kundiyang'anitsitsa. Tikufanana ndi Ambrose, aliyense amatero. Anafunsa m'Chingerezi ngati ndine m'bale wake. Anavula gulovu n'kutambasula dzanja. "Ali bwanji?" Akumwetulira! Chipongwe chake chimenecho.

Ndinayamba ndi dzanja lomwelo. Linalira ngati nzimbe. Anakuwa, kugwada, ine pabondo. Atagwa anaika manja kumutu, ndiye zomwe ndinkafuna. Sindinafune mutu. Ndinafuna manja. Ndinaponda lamanzere pa phula n'kumenya zala, chimodzichimodzi, mpaka zina kuloza kumbuyo. Kenako lamanja. Fupa linatulukira pa mkono, loyera. Magazi kundithovukira pakamwa, amchere.

Amangoti, "Dikira, dikira, mvera." Aliyense akufuna ndimvere masiku ano.

Ndinamuuza m'Chichewa, pafupi ndi khutu: "Ukanikizenso munthu ndi manja amenewa." Anasanza. Ndinamusiya akupuma. Mtsikana wogulitsa khofi anali pazenera, foni m'manja.

Ndinaima pa nyanja kuno ku Oshawa, m'galimoto, mpaka masana. Ndinkaganiza kuti mtima ukhala pansi. Palibe. Njala yokha, ndi phewa kuwawa.

Nditafika kunyumba, foni yodzaza. Regina, Regina, Regina. Uthenga umodzi: "Watsegula maso. Muli kuti?" Nthawi yake ndi yomwe ndinali kuseri kwa thiraki.

Sindinapite. Ndasamba kawiri. Magazi a pansi pa zikhadabo sakuchoka. Regina ndamuuza kuti galimoto inafa, ndibwera mmawa.

Loweruka, 16 Novembala

Ndikulemba pa masitepe a chipatala.

Paipi amuchotsa. Chibwano amanga ndi mawaya, amayankhula kudzera m'mano, pang'onopang'ono. Atandiona diso limodzi lija linaseka. "Kaputeni," akutero. "Bwande sanafe." Ndinagwada pa bedi, ndalira ngati mwana, koyamba.

Ndinamufunsa ngati akukumbukira. Akuti anali awiri, ovala zobisa nkhope, pikapu yakuda, mapaipi achitsulo. Ndinati nanga wa jekete yachikasu? "Mark? Mnzanga. Timagawana khofi. Ndinamuimbira atandizungulira." Kupitirira apo sakumbuka kanthu.

Ndinati ayi. Ndinakweza mawu m'chipatala. Ndinatulutsa foni, taonani nokha. Regina anati popeza wadzuka, bweretsani ndione.

Sanafike n'kumapeto komwe. Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Alamu, uyu akumupopa mtima. Taonani zigongono, zowongoka. Ndi mmene anatiphunzitsira ku ntchito. Nthiti zimathyoka ndithu ukamachita bwino." Anabwezanso, akuwerenga ndi mutu. "Apa akukuwa kuti wina aitane ambulansi. Sabata yonseyi muli nayo vidiyo imeneyi?"

Ndinaitenga foni. Ndayang'ana pakamwa paja. Ndadikira mawu aja abwere. Zii.

Nesi analowa, anamva tikutchula Mark. Akuti pali dalaivala wa thiraki wa dzina lomwelo, anamubweretsa dzulo mmawa, ali mu wodi ya pansi pathu, manja onse ophwanyika, madokotala akulimbana kuti apulumutse lamanja. Si yemwe uja anabwera kudzafunsa? Regina anakhala pansi. "Anthu omwewo," akutero. "Amulanga chifukwa anathandiza." Kenako anandiyang'ana. Anayang'ana zala zanga, phewa lomwe ndikulephera kukweza. Anasuntha mpando wake kufupi ndi bedi.

Ambrose misozi ikutsikira m'khutu. Anandigwira malaya. "Achimwene, tsikani. Mukamuthokoze. Inu ndinu odziwa kuyankhula."

Ndinatsika. Chitseko chili ndi kagalasi. Manja onse awiri m'mabandeji mpaka m'zigongono, atawapachika m'mwamba. Mayi wina akumumwetsa madzi ndi kapaipi. Pampando wapolisi uja ndinamudulira foni, akulemba.

Ndabwerera pa masitepe pano. Ambrose pamwamba, Mark pansi. Sipanala ili m'galimoto, sindinaitsuke. Foni ikulira, anyamata a kumudzi akufunsa gawo lotsatira, akuti kodi Zagwa amupha msilikali uja?

Regina watumiza uthenga: "Ambrose akufunsa ngati mwamupeza."

Ndamupeza. Ndiimirire. Ndikatsegula chitseko chija ndiyamba ndi mawu oti chiyani?