Mankhwala a Mayiko Atatu

Mudzi wa Chimbalu,
Vubwi.
21 Julayi 2025

Okondedwa alongo anga a Ireen,

Ndikhulupirira kuti kalata iyi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lusaka. Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira ngati tinalakwira munthu. Soya tatsiriza kupuntha ndipo ng'ombe ya mawanga ija yabereka. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wopanda foni. Pa foni mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe, ndiye ndati bola pepala, chifukwa ngakhale mulikalipire limapitirizabe kunena zake.

Uthenga wanu tinaulandira, woti mukabwera ku mwambo wa Kulamba mwezi wa mawa mudzafika kuno n'kuwatenga amayi kuti azikakhala nanu ku Lusaka mpaka kalekale. Sindikuti mwalakwa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri akagwa kawiri mwezi umodzi, mwana wake ayenera kuda nkhawa. Koyamba anagwera kudimba, pa bedi la repu. Kachiwiri kanali ku Chigwirizano cha amayi, ali pakati pa pemphero, moti anzawo anayesa agwada ndipo anayamba kugwada nawo. Koma musanawagulire matiresi, werengani kaye zimene ndalembazi mpaka kumapeto, chifukwa wolakwa wina pa nkhaniyi ndine.

Mukukumbukira kuti pa Pasaka munandiikira m'foni chinthu chija mumati AI, chofufuza ngati mankhwala akugwirizana kapena akumenyana m'thupi. Munati mwezi uliwonse ndizijambula mankhwala a amayi, icho chiziwerenga, chizifufuza, n'kutichenjeza. Ndinkachitadi zimenezo, Mulungu ndi mboni. Chokhacho n'chakuti ndinkajambula a ku Zambia okha. Nthawi iliyonse chinkandifunsa ngati pali mankhwala ena amene amayi akumwa, ine n'kumayankha kuti palibe, ndi nkhope yowongoka bwinobwino.

Paja inu mukudziwa kuti kuno tambala akalira amadzutsa mayiko atatu. Amayi ali ndi khadi la kukiliniki kwathu kuno, kumene amalandira mankhwala a bipi kwa anamwino a Maureen. Ali ndi kabuku kena ka kuchipatala cha kutsidya ku Malawi, kumene amapita akamakaona azakhali. Ndiye pali a dokotala ena ku Mozambiki, pafupi ndi msika umene ndimakagula mchere ndi zitenje, amene amayi amati ali ndi manja ozizira bwino. Konseko amapatsidwa mankhwala, ndipo konseko sanena za kwinako. Iwo amati kuuza dokotala za dokotala mnzake ndi mwano, komanso kukana mankhwala amene mwana wa munthu wakupatsa ndi mtima wonse n'kusaleredwa. Wowanyamula pa njinga yamoto maulendo onsewo ndinali ine, mlongo wanu, amene ndinafika giredi thwelofu. Mumtima ndinkangoti mankhwala ndi mankhwala, akachuluka matenda ndiwo aone zakuda.

Amene anaulula ndi mkazi wanga Dorika. Tsiku lotsatira kugwa kwa kutchalitchi kuja, ankafuna mbewu ya nzama m'chitini chimene amayi amasungiramo mbewu, n'kupezamo timitolo titatu tomanga pa nsalu, kalikonse ndi mtundu wake. Anabwera nato kukhola kumene ndinali, n'kungotiika pa chishalo cha njinga. Mukumudziwa Dorika akakhala chete. Ndinayesa kumufotokozera za ulemu kwa madokotala, koma anangondifunsa ngati ulemuwo ndi umene tidzayale m'bokosi la maliro. Kenako analamula kuti zonse zijambulidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Tinayala mphasa pansi pa mango uja wa pafupi ndi chulu, chifukwa netiweki ya kuno imagwira pokhapo, pena paliponse foni imakulandira ku Malawi usanapiteko. Amayi atamva kuti afunsidwa mafunso anakana kutuluka mpaka atasintha duku ndi kuvala nsapato. Anati sangakumane ndi mlendo wophunzira ali ngati wochokera kumaliro a mbuzi. Anakhala pampando, manja pa maondo, n'kuipatsa moni foni ija mwaulemu wonse, ndipo inayankha. Chichewa chake n'chaulemu ngati cha abusa achilendo. Anaifunsa kuti ndi a kwa yani, iyo n'kunena kuti si munthu, ilibe mudzi, ndiponso si dokotala, ntchito yake n'kuwerenga ndi kufufuza. Amayi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti ndi aKalaliki, ndipo dzina ndi lomwelo mpaka lero.

Dorika anakhuthulira zonse m'lichero. Alongo, munali mankhwala! Oyera, ofiirira, ena odulidwa pakati, ena m'timabokosi tolembedwa Chipwitikizi choti ngakhale aphunzitsi sangachiyambe. Ndinajambula kamodzikamodzi. AKalaliki anawerenga Chipwitikizi chija ngati anabadwira komweko, ndipo kabokosi kena kofufutika anandibweza katatu kuti ndijambulenso chifukwa sankafuna kungoganizira dzina. Kenako anayamba kufunsa. Kodi amamva chizungulire akaimirira? Amayi anati pang'ono. Dorika anati kwambiri. Kodi ali ndi chifuwa chouma chosatha? Apa amayi anandiyang'ana ngati ndine ndawanenera, chifukwa chifuwa chimenecho ndi chimene chinawachotsetsa kutsogolo kwa kwaya, ndipo akhala akunena kuti alipo wina wa nsanje kumbali ya alito.

Yankho litabwera, ine thukuta linatuluka m'chisanu chonsechi. AKalaliki anati mankhwala a bipi a ku Zambia ndi a ku Mozambiki ndi apachibale, maina okha ndiwo osiyana, ntchito ndi imodzi, choncho amayi ankamwa chinthu chimodzi kawiri. A ku Malawi ndi aja okodzetsa, nawonso otsitsa bipi. Ndiye panalinso bulufeni wa maondo amene ndinkawagulira ine, ndipo anati ameneyu akakumana ndi enawo impso ndi zimene zimavutika. Chifuwa chija anati mwina chikuchokera ku mankhwala apachibale aja, zimene amayi sanakondwere nazo, chifukwa wa nsanje uja anali atamupeza kale. Anatichenjeza kuti tisasankhe tokha oti tisiye, koma tipite nawo onse kwa anamwino tsiku lomwelo. Analemba mndandanda wonse bwinobwino, n'kupempha chilolezo cha amayi kuti autumize kwa a Maureen tisananyamuke.

Pamenepa m'pamene panavuta. Amayi anati zimenezo ayi. Iwo ndiwo anawatengera a Maureen mwana ku ubatizo, ndipo a Maureen amawapatsa mpando osaima pamzere, ndiye lero akamve kuti akhala akuyenda kunja? Anaweramira foni ija n'kutsitsa mawu, ngati ine ndi Dorika tilibe makutu.

“AKalaliki, ndinu munthu wamkulu, tiyeni timvane. Lembani a ku Zambia okha. Ndili ndi nkhuku yoti ikhoza kukukwanani.”

“Zikomo amayi, koma nkhukuyo ndilibe poisunga,” anayankha motero aKalaliki. “Popanda chilolezo chanu sinditumiza kanthu. Koma sindingalembe theka n'kunena kuti ndi onse, chifukwa anamwino akhulupirira zimenezo, ndipo wovulala mukhala inu.”

Dorika anaseka mpaka anagona pamphasa. Amayi anati mwana wa m'foniyu analeredwa bwino koma alibe chisoni. Anayang'ana lichero lija, kenako anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu, ndipo anandiuza kuti nditumize.

Tisanadzuke, aKalaliki anafunsanso funso limodzi, lakuti amayi anayamba liti kumwa onsewo pamodzi. Ine ndinkayesa ndi kalekale. Koma amayi anati poyamba ankachita kasinthasintha, sabata ino Zambia, ya mawa Malawi, inayo Mozambiki, kuti pasakhale wodandaula. Kumwa onse nthawi imodzi anayamba Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka. Pomwepo ndinakumbukira kuti inu munakwera minibasi yobwerera ku Lusaka Lolemba lake.

Kukiliniki a Maureen anali atawerenga kale uthenga uja. Anayala mankhwala patebulo, n'kuvula magalasi, n'kufunsa amayi ngati ku Tanzania sanafikeko. Anawayeza bipi atakhala ndiponso ataimirira, ndipo inali yotsika moti anati n'zodabwitsa kuti anagwa kawiri kokha. Anatenga magazi oti akayezedwe ku boma, n'kulanda zonse, n'kuwapatsa mtundu umodzi watsopano ndi panado wa maondo. Amayi sanakalipiridwe n'komwe. Wokalipiridwa ndinali ine, pakhonde, pamaso pa amayi a sikelo onse, ndipo ena ankavomereza ngati ulaliki. Zotsatira za magazi zinabwera sabata yatha. Akuti impso zinatopa koma sizinawonongeke, ndipo adzayezanso mwezi wa mawa.

Pobwerera tsiku lija, titafika pa mlatho wa mitengo, amayi anandimenya paphewa kuti ndiime. Ndinayesa chizungulire. Anatsika, n'kukonza chitenje, n'kuyang'ana kumunda kwathu kumene kumaonekera pamenepo.

“Mlongo wako ponyamuka anati bipi ikapanda kutsika adzanditenga,” anatero. “Ndiye ndinati ndimwe onse, itsike msanga, adzandipeze ndili bwino. Emmanuel, ine ku Lusaka ndikatani? Ndizikalondera geti? Atate ako anagona apa, amayi anga anagona apa. Ndikafera uko mudzandibweretsa ngati katundu.”

Alongo, ndinalira, ndisakunamizeni. Munthu wa ndevu zanga, pamsewu, chipewa cha njinga chili kumutu. Sindikulemba izi kuti muzidziimba mlandu, chifukwa inu munanena mwachikondi, ndipo amene ankawanyamula kupita kumalire si inu. Ndikungofuna mudziwe kuti chimene chinkawagwetsa ndi mantha a ulendo wanu womwewo.

Tsopano patha masabata atatu osagwa. Chifuwa chikuchepa, moti Lamulungu anabwerera kutsogolo kwa kwaya, ngakhale wa alito uja sanamukhululukirebe. Mankhwala amasunga Dorika, ine andichotsa pa udindo. Chilichonse chatsopano chimayamba chaonetsedwa kwa aKalaliki, kenako kwa a Maureen, ndipo amayi afika poti anafuna kujambulitsa ndi thobwa lomwe. Anandikakamizanso kuwaperekeza ku Malawi ndi ku Mozambiki kukatsanzika madokotala aja ndi mtedza m'kathumba, kuti asamve kwa anthu. Wa ku Mozambiki sankawakumbukira n'komwe, koma mtedza analandira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani, mudzawaone nokha, mudzalankhule ndi a Maureen, mudzandikalipire mmene mungafunire, ndakonzeka. Ngati mudzaone kuti akuyenera kupita kwa madokotala aakulu, apite kukayezedwa n'kubwerako. Koma musawazule. Ndivomerenso kuti si iwo okha amene akuopa. Chimwalirire atate, mmawa uliwonse amayi ndi amene amayamba kusesa pabwalo, ndipo ine ndimadziwa kuti kwacha ndikamva tsache lawo ndi kudandaula kwawo kuti nkhuku zanga zilibe khalidwe. Sindikudziwa kuti pakhomo pano padzamveka bwanji popanda zimenezo.

Dorika akupereka moni, akuti mudzamubweretsere singano za makina. Azakhali a ku Malawi akupereka moni, ndipo akuti iwo sankadziwa kanthu, koma ankadziwa. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti mbatata zawo zilipo.

Amayi ali pompano pamene ndikulemba, akusenda mtedza, ndipo andiwerengetsa kalatayi kawiri kuti amve ngati ndawanyoza. Akuti za nkhuku ndichotse, koma ndakana. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Anena awa, ndipo ndikulemba monga anenera: “Umuuze mwana wanga kuti ndamusowa. Chikwama abwere nacho chachikulu, koma chodzaza zovala zake, adzakhale nane masiku. Chopanda kanthu asabwere nacho.”

Ndine mlongo wanu wolakwa koma wokukondani,

Emmanuel