Mabotolo Asanu a M'kabati ya Bambo

Lamlungu, 2 Malichi

Bwana Ndege wafika. Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, zaka zitatu osaoneka. Masutikesi awiri, perefyumu kununkhira mpaka kukhitchini, mimba yayamba kutsogola. Bambo kumukumbatira mpaka ndodo yawo kugwa. Ndinatola ndine. Ntchito yanga pakhomo pano ndi imeneyo, kutola zogwa.

Wabweretsa mowa wakunja. Mabotolo asanu ndi limodzi, obiriwira, okulunga m'masokosi. Pakamwa pake si kachitsulo ngati athu, ndi kamtengo kofewa komanga ndi waya. Akuti amafulula anthu anayi okha, migolo yochepa pachaka. Mtengo wake anautchula katatu, kuopa kuti wina sanamve. Botolo limodzi, kireti yathunthu ya mowa wa kufakitale kwathu, n'kuwonjezeranso ina pamwamba.

Kubweretsa mowa m'nyumba ya wolawa mowa! Zaka makumi awiri ndikulawa mowa kufakitale. Lilime langali ndi limene limagula magetsi ndi mankhwala a Bambo. Sindinayambe ndaomberedwa m'manja.

Bambo anati titsegule limodzi. Timagalasi titatu. Ndinayamba ndanunkhiza, chizolowezi. Mayo ine. Maluwa, khungu la lalanje, kenako kakuwawa kaulemu kobwera mochedwa, kosalimbana ndi lilime. Thovu loti nji. Chibadwire sindinalawepo chotere.

"Bwanji, achemwali?" anatero mwini wake, mano onse panja. Ndinati, "Mowa ndi mowa." Bambo anangondiyang'ana.

Mtima ukuwawa. Kaya nsanjeyi ndikuchitira munthuyo, kaya mowawo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Wapita kale. Masiku awiri basi, ati misonkhano. Wasiya masokosi ndi mabotolo asanu.

Bambo awaika m'kabati ya magalasi pabalaza. Makapu a malemu amayi awatsitsira m'munsi. Mabotolo pamwamba, pamzere, malebulo kuyang'ana kukhomo kuti aliyense wolowa awerenge. Kabatiyo yayang'anizana ndi windo lalikulu. Dzuwa limafika pamenepo 2 koloko, osachoka mpaka kulowa.

Ngakhale wolembedwa ntchito dzulo kwathu amadziwa kuti mowa ndi dzuwa sizionana. Makamaka m'botolo lobiriwira. Kuwala kumalowa n'kuwononga hopu, timaluwa towawitsa mowa tija, ndipo chimatuluka ndi fungo la kanyimbi. Kutentha kumadzamaliza zotsala.

Anandifunsa. "Mayi, odziwa ndinu. Pamenepa ali bwino?"

Ndinati ali bwino.

Ndalemba muno kuti ndisadzakane.

Loweruka, 8 Malichi

M'mawa wonse pamzere kuchipatala, kutenga mapiritsi a BP a Bambo. Maola atatu chiimire. A shuga kulibe, ndakagula kufamase, mtengo wakweranso. Basiketi yabwera yopepuka.

Kufika kunyumba, a Telala ali pabalaza. Mnzawo wa Bambo wosewera naye drafti. Drafti ili pambali, onse awiri aima pakabati manja kumbuyo, ngati akuona khanda. Bambo kufotokoza za anthu anayi aja, za migolo, za ndege. "Mwana wanga wanyamula yekha, m'masokosi." Kenako mwambi wawo, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nanga ife osachoka pakhomo, malumo athu ndi obuntha? Amene amawameta ndevu Loweruka lililonse ndani?

A Telala anati, "Koma chemwali, zoterezi sizifuna filiji?" Ndinati filiji yadzaza. Muli kabichi theka ndi madzi.

Ndikuwapatsa mapiritsi ndaona kuti padzanja palibe wotchi. Ija anawapatsa popuma ntchito, zaka makumi atatu akuyendetsa mabasi. Savula ngakhale posamba, amaikulunga m'pepala la pulasitiki. Ati ili kwa okonza. Ndalama ina imeneyo, ndipo tikudziwa ichokera m'thumba mwa ndani.

Lachinayi, 13 Malichi

Kuntchito alengeza tsiku. Mkulu wa olawa akupuma kumapeto kwa Epulo, ndinamva kale mu Januwale. Atiyesa atatu pa 2 Epulo, wopambana atenga mpando. Kuyambira lero tsabola ayi, khofi ayi, mafuta onunkhira ayi. Ndi chimfine chomwe ndachiletsa.

Ndawauza Bambo tsikulo, za mpandowo akudziwa kale. Anati, "Oo, pa 2." Kenako, "Kodi mlongo wanu waimba?"

Basi. Oo.

Poweruka ndinalowa m'shopu yaikulu ija ya m'tauni. Ali nawo mowa wamtundu womwewo, pashelefu yapamwamba, pamene sipafika dzanja la munthu wamba. Ndinaima pamenepo ngati wodikira basi. Kudziuza kuti munthu akulipira sitima, msonkho, lebulo yokongola ndi nthano ya anthu anayi. Chimera ndi chimera, madzi ndi madzi. Ifenso tikanapatsidwa miyezi itatu pa thanki imodzi m'malo mwa masiku khumi ndi awiri, bwenzi tikupanga zoposa pamenepo. Chikomekome cha mkuyu.

Zonsezo mutu. Lilime likukana. Likukumbukabe lalanje lija.

Ndinagula sopo n'kutuluka.

Lamlungu, 23 Malichi

Ndinachapa makatani a pabalaza mkati mwa sabata. Anada, zoona anada. Anauma Lachisanu. Ali pampando m'chipinda changa, opindapinda bwino. Sindinawapachike.

Dzuwa tsopano likulowa lonse. Cha m'ma 4 koloko mabotolo amawala ngati maso a mphaka. Bambo amakokera mpando pafupi, ati kukongola. Dzulo ndinawapeza akupukuta fumbi ndi mpango wawo wa m'thumba, limodzilimodzi.

Bwana Ndege anaimba masana. Mphindi zisanu, monga mwa masiku onse. Bambo kuseka mpaka kutsokomola, kenako kutsitsa mawu. Ndinali kukhitchini, koma khutu lilibe chitseko. "Ayi, sitinakhudze. Mpaka tsiku lija." Tsiku lija! Ali ndi tsiku lawo awiriwa. Mwina akubwera ndi mkazi. Mwina wagula nyumba ina. Ine ndidzatsuka magalasi.

Tili ana, iye akakhoza mayeso ankagulidwa nsapato. Ine ndikakhoza ankati, "Ameneyu timadziwa kale." Zaka makumi anayi ndi zisanu, ndikadali kulira nsapato. Manyazi. Komabe makatani sindipachika lero.

Atsegule tsiku lawolo. Alendo anunkhize. Ndione nkhope ya Bwana Ndege.

Lachitatu, 2 Epulo

Mayeso. Kachipinda kopanda windo, nyale yofiira kuti maso asathandize lilime. Magalasi khumi ndi awiri, manambala okha. Ena abwino, ena anawawononga dala. Pakati pake madzi ndi bisiketi yopanda shuga. Kununkhiza, kulawa, kumeza, kulemba.

Nambala 3, batala. Nambala 5, katoni yonyowa, wakalamba. Nambala 7 sinafike n'komwe pamphuno. Kanyimbi. Woyesayo pambuyo pake anati anaisiya padzuwa mphindi makumi awiri zokha. Makumi awiri. Mabotolo a Bambo aja akwanitsa mwezi.

Ndinachedwa kulemba yankho. Mnzanga wa pambali anayesa ndi mantha a mayeso.

Zaka zonsezi sindinasainirepo thanki yoipa. Chaka china abwana anandiopseza, magalimoto atafola panja kudikira katundu, ndinakana, mowa wonse unatayidwa. Anthu amanditcha Lilime. Lilime lomwelo linati "ali bwino" kwa bambo ake.

Ndapachika makatani. Bambo ati chipinda chada. Ndinaganiza zochotsa mabotolo, kuwalowetsa m'filiji. Ndikawauza chifukwa chanji? Kuwasuntha lero n'kuvomera kuti ndinkadziwa. Ndipo madzi akatayika saoleka.

Ndawasiya.

Loweruka, 5 Epulo

Kuwameta Bambo. Khosi lawonda. Pamkono mzere woyera pamene pankakhala wotchi. Ndinafunsa okonzawo ndi ati, ndikatenge ndikamachokera kuntchito. Ati musavutike, mayi, munthuyo ndi wochedwa.

Afunsa kawiri za zotsatira za mayeso. Ndadabwa.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndapambana. Khumi ndi awiri onse. Mkulu wa olawa ndine kuyambira pa 1 Meyi. Ofesi yangayanga, kiyi wa kachipinda kofiira, kandalama kowonjezera.

Ndinalowa m'nyumba n'kungonena mwachidule, ndikuvula nsapato, kuti asavutike kufunafuna "oo" wina. Bambo anadzuka pampando opanda ndodo. Anandigwira mapewa onse awiri. Kenako foni. "A Telala! Lamlungu lino. Muvale jekete."

Sindinamvetse. Kapena ndinamvetsa, koma sindinafune kumvetsa.

Lamlungu, 13 Epulo

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

Masana, titadya. A Telala m'jekete. Bambo m'malaya oyera, ndinawasita ndekha osadziwa kuti ndi a chiyani. Patebulo nsalu ya amayi. Magalasi atatu, anatsuka okha, sanalole kuti ndikhudze. Foni anaitsamiritsa pa shuga, Bwana Ndege ali mmenemo, kukupiza dzanja.

Bambo anatsegula kabati. Anati tsiku lija ndi lero.

Mawu awo ndawasunga. "Mayi, zaka makumi awiri mwakhala mukulawa mowa wa eni ake. Galasi lililonse n'la ntchito, ndi cholembera m'manja. Mutandiuza mu Januwale za mpandowo ndinati, mwana wangayu amweko wabwino kopambana, wakewake, atakhala pansi. Ndiye ndinamutuma uyu. Mukanalephera tikanatsegulabe."

Wa pafoniyo anati, "Ine ndinangonyamula, achemwali. Ndinauzidwa kuti ndisaulule."

Ndinafunsa za botolo loyamba lija. Ati linali loyesera, kuti aone ngati mnyamatayu sanagule zachabechabe. "Pakamwa munati mowa ndi mowa. Koma maso anu ndimawadziwa kuyambira muli kumsana."

A Telala, pakamwa pawo posasoka, anaseka. "Imwani bwino chemwali, mukumwa wotchi." Bambo anawaponda phazi. Mochedwa.

Zaka makumi atatu za mabasi. Kudzuka kusanache, msana umene ndimaupaka mafuta uja. Zonse m'mabotolo asanu ndi limodzi. Ine n'kuchotsa makatani.

Anamasula waya okha. Kamtengo kaja kanaphulika bwino, thovu linakwera, a Telala anaomba m'manja. Fungo linandipeza galasi lisanafike. Nambala 7. Pansi pake nambala 5. Lalanje kulibe, maluwa kulibe.

A Telala anamwa, nkhope inakwinyika, anaiwongola msanga. "Zakunja zimakhala ndi kafungo kake," anatero mwaulemu. Bambo ananyambitako pang'ono. Mapiritsi anawapha lilime kalekale, chilichonse amati chikukoma. Sankayang'ana galasi lawo. Ankayang'ana ine.

"Nanga, a mkulu wa olawa? Tiuzeni. Ndi woyeneradi mtengo wake?"

Mlongo wanga pafoni, kumwetulira, osanunkhiza kanthu kumene aliko. A Telala maso pansi. Anafunsa za filiji aja, ndipo sanaiwale.

Ndinanunkhiza monga mwa ntchito. Ndinakweza galasi kuwindo. Ndinalawa, ndinameza. Ndinati, "Bambo, chibadwire palibe anandigulirapo chinthu chodula chonchi." Anati limenelo si yankho. Ndinati, "Ndi woyenera." Ndinamwa lonse mpaka pansi. Anandithiriranso, ndinamwanso. Misozi anayesa ndi ya chimwemwe.

Choipa chitsata mwini. Changa chanditsata ndi thovu lomwe.

Atsala anayi. Ati limodzi Lamlungu lililonse, ine ndekha, iwo azingoonerera. Ndawapempha kuti tiwaike m'filiji. Anati, "Si munati pajapa ali bwino?" Anafunsa mofatsa, akupinda nsalu ya patebulo, osandiyang'ana. Sindikudziwa ngati akudziwa. Ndinanyamula magalasi kupita nawo kukhitchini.

Mawa nthawi ya nkhomaliro ndipita kwa a Telala. Akudziwa anagula wotchi ndani, ndikufuna kukaiwombola. Akafunsa za fungo lija ndiwauza zoona, wina ayenera kumva. Kwa Bambo ndiye kaya. Ndayesa kawiri kuyamba, ali pabalaza apo akusewera ndi kawaya ka botolo kaja, akukulunga pamkono pamene pali mzere woyera, ndipo ndikati nditsegule pakamwa, mzerewo ukundibweza.