Matabwa a Agogo Ako Alibe Chidindo

Lachiwiri, 21 Okutobala, 10 koloko m'mawa
Kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Miramichi

Wokondedwa Kendall,

Buledi ndamuika mu uvuni, ndiye ndili ndi ola limodzi loti ndikuuze zomwe zanditsekera pakhosi. Uli bwanji mdzukulu wanga? Chifuwa chija chinatha, kapena ukusutabe n'kumandinamiza? Nanga mlongo wako Corinne ali bwanji? Ndikufunsa iwe chifukwa iyeyo foni yanga sayankha, ndipo makalata anga awiri anabwerera osatsegula. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundizunza. Amalume ako a Dwight ali bwino. Agogo ako aamuna sali bwino ayi.

Zoti sitiroko inawagwetsa mu Ogasiti ukuzidziwa. Chomwe sitinakuuze n'chakuti kuchipatala anawasamutsira kunyumba yosamalira okalamba kutauni, ndipo akuti sawatulutsa mpaka tikhale ndi chipinda chapansi, cha khomo lalikulu loti chikuku chawo chizilowa. Masitepe athu aja sangawakwerenso. Munthu wocheka matabwa zaka makumi asanu, lero amugoneka moyang'ana khoma la pulasitiki. Mawu onse anawathawa, latsala limodzi. Ndikafika amati kwathu. Ndikamatsanzika amati kwathu.

Ndiye amalume ako anati timange basi. Matabwa tinali nawo kale m'shedi, aja agogo ako anacheka okha chaka chomwe mphepo inagwetsa mitengo ya sipulusi kuseri kwa phiri. Akhala akuuma zaka khumi ndi ziwiri. Lililonse ndi thu-bai-folo weniweni, mainchi awiri kunenepa, mainchi anayi m'lifupi, osaperewera ngakhale katsitsi. Ukalinyamula umadziwa kuti wanyamula mtengo.

Makoma ataima, denga tisanafolere, kunabwera woyendera zomanga wa boma. Bambo wa nsapato zowala ngati akupita kuukwati. Ndinamuphikira tiyi, ndinamupatsa mabisiketi anga a manyuchi, anadya anayi. Ndinawerenga chifukwa zinandiwawa.

Atakhuta anayamba kusuzumira matabwa mbali iyi, mbali iyo, kenako akundifunsa kuti chidindo chili kuti. Ndinati chidindo cha chiyani, thabwali ndi kalata yopita kupositi? Iye akuti thabwa lililonse lonyamula denga liyenera kudindidwa ndi munthu wa chiphaso, wonena mtundu wa mtengo ndi mphamvu yake. Ndinamuuza kuti munthu ameneyo ndi agogo ako, Alton Munn, ndipo denga la holo ya tchalitchi momwe woyenderayo anadyera phwando la ukwati wake lakhala pa matabwa a Alton chiyambire. Anaseka pang'ono, akuti Mayi Munn, matabwa ndi okongola zedi, koma ine anandituma kudzawerenga inki.

Anatipatsa njira ziwiri. Tigumule zonse tikagule matabwa odinda kusitolo, kapena tipeze munthu wa chiphaso adzaone athuwa limodzilimodzi. Amalume ako anaimba mafoni tsiku lonse. Yemwe anamupeza akuti mpata ali nawo mu Epulo. Mu Epulo, Kendall. Dokotala wandiuza m'maso muli gwa kuti chifuwa cha agogo ako sichingadikire zambiri.

Mawa lake ndinatenga rula yopinda ya agogo ako ndi kupita kusitolo ya matabwa kukaona zinthu zodinda zomwe boma limazikhulupirira. Pakapepala alembapo 2 x 4, zilembo zikuluzikulu zoti wakhungu awerenge. Ndinayeza. Inchi imodzi ndi theka. Mbali inayo mainchi atatu ndi theka. Ndinayeza lachiwiri, lachitatu, onse okhaokha, oonda ngati anawadwalitsa.

Wogulitsa pamenepo ndi Merle Hovey, yemwe ndinkamusintha matewera mayi ake akapita kukakolola mbatata, pano mimba ili uko. Ndinamufunsa kuti iwe Merle, theka la inchi lapita kuti, wadya ndiwe? Iye akuti aa, Mayi Munn, dzinalo ndi la kale, thabwa lili laliwisi, lisanaume ndi kupalidwa, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Ndinati inenso ndili wauwisi ndinali ndi mano onse ndi chiuno chopapatiza, kodi ndizilembe zimenezo pa laisensi yanga? Anthu pamzere anaseka, iye anayamba thukuta.

Kenako anandilozera timanambala tina pansi pa kapepala, tating'ono ngati mazira a nsabwe: 38 x 89. Akuti zoona zake ndi zimenezi, mamilimita. Ndinafunsa kuti nanga bwanji bodza mwalilemba chachikulu, choona mwachibisa kumchira? Akuti akalemba mamilimita okha amisiri sagula, akalemba mainchi okha ena amadandaula kuti awabera, ndiye amangolemba zonse kuti aliyense akwiye pang'onopang'ono. Ndiye dziko lathu limenelo. Mkaka m'malita, msewu m'makilomita, koma khanda likabadwa timafunsa mapaundi, ndipo thabwa lili ndi mayina atatu ngati mbava.

Tsopano khala pansi, chifukwa apa ndi pomwe agogo ako aakazi anapengera.

Ndinagula thabwa limodzi la kusitoloko. Kunyumba ndinaliyang'anitsitsa chidindo chija. Tizilembo, timanambala, kabokosi, basi. Ndinati zimenezi ndi zomwe zatsekera mwamuna wanga kutauni? Ndinatenga jombo za agogo ako za kutchire, ndinadula chidendene, n'kuyamba kusema chidindo ndi kampeni kanga kosendera mbatata. Masiku awiri. Nditadinda papepala zilembo zonse zinatuluka chagada, zowerengera pagalasi. Ndinatukwana, ndinadula jombo inayo. Yachiwiriyi inatuluka bwino moti ndinadzinyadira.

Lamlungu amalume ako atapita kutchalitchi, ine ndinatsala, ndinati mutu ukundipweteka. Ndinapaka chidendene chija polishi wa nsapato n'kudinda matabwa onse, ngakhale a pamwamba, nditakwera makwerero ndi mawondo anga omwewa. Lolemba ndinaimbira bambo wa boma uja kuti munthu wa chiphaso wabwera, adzaone.

Anabwera. Anaima pakhoma n'kuyang'anitsitsa zidindo zija. Kenako anatulutsa tepi yake, anayeza thabwa limodzi, n'kunena chapansipansi kuti mamilimita 51. Anayeza lina, 51. Akuti Mayi Munn, chidindo ichi ndi cha fakitale yomwe imapala matabwa ake onse mpaka 38, osalala ngati tsaya la mwana. Awa ndi 51 ndipo mano a sowo akuonekabe. Anapukuta chidindo ndi chala, ananunkhiza, n'kundifunsa ngati munthu wa chiphasoyo amapukutanso nsapato.

Amalume ako anali pomwepo. Nkhope inawagwa, akuti Amayi, mwatani? Ndinati ndakonza zomwe iwe walephera ndi mafoni ako.

Waona chomwe chinandigwiritsa? Si kampeni ayi, ntchito yanga inali yaukhondo. Anandigwira chifukwa matabwa a agogo ako ndi athunthu. Akanakhala munthu wobera anthu theka la inchi ngati enawa, bwenzi lero ali pampando wawo pafupi ndi mbaula. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuswa mbale.

Bambo uja anamata chipepala chofiira pakhomo, choletsa ntchito. Akuti nkhani sapita nayo patsogolo chifukwa cha imvi zanga, bola ndifute zidindo zonse. Ndazikwecha masiku atatu ndi sandipepa, zala zanga zili ngati nyama. Ndipo akuti tsopano munthu wa chiphaso akadzabwera, iyeyo adzaima pambali pake kuyambira thabwa loyamba mpaka lomaliza.

Ukudziwa komwe ndikupita. Mlongo wako ndi munthu wa chiphaso. Amadinda matabwa masauzande tsiku lililonse kufakitale yake ku Prince George komwe muliko. Ndinafunsa, bambo uja akuti mabwana a Corinne akalemba kalata yomuloleza, iye avomera. Komanso matabwa amenewa Corinne akuwadziwa. Anawasanja m'shedi ndi manja ake, chilimwe chomwe anachoka pano.

Ndikudziwa zomwe anene. Anena kuti sangapondenso pakhomo pa munthu amene anamuotchera tepi yake. Iwe unali wamng'ono, ndiye ndikukumbutse.

Anabwera kuchokera kukoleji ndi tepi yachikasu ya mamilimita okhaokha, mphatso yoti anakhoza kuposa anzake onse. Anayamba kumata timapepala pa milu ya matabwa, 51 x 102, 25 x 152, zinthu zooneka ngati manambala a foni. Patebulo ankakangana ndi agogo ako tsiku ndi tsiku. Iwo akuti manambala a boma amenewo ndi a anthu osadziwa kugwira sowo. Iye akuti inchi yanu ndi nkhalamba yabodza, agogo, imati awiri ikutanthauza imodzi ndi theka. Iwo akuti pamakina anga ochekera matabwa inchi sinanamepo, kamtsikana iwe. Ankamenya tebulo onse awiri, mafoloko n'kumadumpha. Pano ndikaganiza, ndimaona kuti ankasangalala.

Tsiku lina m'mawa tepi ija inapezeka mu mbaula, itasungunuka, chitsulo chake chitapiringizika ngati njoka yakufa. Corinne anayang'ana agogo ako. Iwo anayang'ana m'kapu mwawo. Pofika masana anali atalongeza.

Kendall, tepi ija ndinaponya pamoto ndine.

Ine sukulu ndinalekezera giredi 5. Koma pamakina paja, zaka zonsezo, woyeza ndi kulemba ndi choko pa matabwa ndinali ine. Theka, kota, magawo asanu ndi atatu a inchi, ndinkaziona ndi diso ndisanaike rula. Ndi chinthu chimodzi chomwe ndinkachidziwa kuposa aliyense m'chigwa chino. Ndiye ndikulowa m'shedi, ndikupeza timapepala ta mwana wa mwana wanga pamwamba pa choko changa, ndipo sindikutha kuwerenga ngakhale kamodzi. Ndinaona kuti akundibweza kukhitchini. Sindinaganize, ndinangotsegula mbaula.

Agogo ako anandiona. Corinne atachoka anandiuza kuti Verna, ukamuuze wekha, ine mkazi wanga sindimuneneza. Ndinati ndimuuza Khirisimasi. Makhirisimasi khumi ndi awiri adutsa. Makalata awiri aja munalibe zimenezi, munali madandaulo okhaokha, ndiye mwina anachita bwino kuwabweza. Munthu wasenza mlandu wanga zaka zonsezi, ndipo lero ngakhale atafuna kudziyeretsa, pakamwa palibe.

Usaganize kuti ndasanduka mngelo. Mamilimita sindinawakonde ndipo sindidzawakonda, ndi tinthu ta anthu owerenga mchenga. Mlongo wakonso ndamukwiyira, chifukwa zaka khumi ndi ziwiri n'zambiri pa tepi imodzi, ndipo liuma limenelo ndikudziwa komwe analitenga. Koma nditaima m'sitolo muja ndi rula m'manja, pa manambala onse a pakapepala, yomwe sinandinamize ndi ya Corinne. Ndalemba, ndipo sindibwerezanso.

Chipale chofewa chimagwa pakati pa Novembala, ukudziwa. Denga taliphimba ndi lona basi. Tikapanda kufolera chisanagwe, ntchito yaima mpaka dzinja lithe, ndipo agogo ako atsala kutauni kuja akuyang'ana khoma. Dzulo ndinawapeza akuyeza m'mphepete mwa bedi ndi chala chachikulu cha dzanja lomwe likugwirabe, inchi ndi inchi, mpaka kumapeto, n'kuyambiranso.

Umuuze Corinne kuti sindikupempha chifundo pa matabwa. Za zidindo zabodza ndakhuta nazo. Adzaone lililonse ndi diso lake la kuntchito, ndipo lomwe lili ndi mfundo yoipa kapena mng'alu alikane, amalume ako alizula pomwepo. Agogo ako angakwiye koopsa atamva kuti thabwa lawo ladutsa chifukwa cha chibale. Ngati safuna kundiona, ndikakhala kwa mnzanga Doreen mpaka atamaliza. Koma akapite kutauni akawagwire dzanja, chifukwa iwowo sanamulakwire.

Ndabwereranso kwa Merle Loweruka kukagula tepi yachikasu ya mamilimita okhaokha. Anatsegula pakamwa kuti aseke, ndinamuyang'ana, anatseka. Ili pano patebulo. Ndayeza nayo chikhatho changa, akuti 82. Sindikudziwa ngati ndi zambiri kapena zochepa. Adzandiuze yekha.

Buledi wayamba kununkha chopserera. Mulungu akusunge, akupatse nzeru zosiya fodya. Undiperekere moni kwa mayi ako, uwauze kuti za jombo asamve kwa anthu, ndiwafotokozera ndekha. Moni kwa mkazi wako ndi kamwana kaja, nditumizireni chithunzi china, chomwe ndili nacho akadali wopanda mano.

Ndine agogo ako,
Verna Munn

Kalatayi usaisunge m'thumba la jekete monga umachitira. Upite nayo kwa mlongo wako lero lomwe, umupatse m'manja. Akakana kuigwira, uime pakhomo pake uiwerenge mokweza, ndipo ukafika pa mbaula paja usathamange.