Uthenga wa Malemu Wopanda Deti

Dambe,
Neno.
14 Ogasiti 2025

Okondedwa achemwali anga a Eliness,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu a Nathan ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa, ndipo mbatata ya kachewere ndakumba ndekha, msana ukadali kuwawa. Musadabwe kuti ndakulemberani papepala ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Foni yanu ana amaseweretsa, ndipo zili munozi sindifuna zidutse m'maso mwa wina.

Za chiliza cha malemu amuna anga a Gerishon zikuyenda. Akulu awo aja, a Yohane, akuti mwambo udzakhale mu Okutobala mvula isanayambe, ndiye muyambiretu kupempha tchuthi ku ofesi. Iwo omwewo ndiwo anandiuza kuti tsamba la malemu la pa Fesibuku litsekedwe, poti akuti kuli akathyali amene amalowa m'masamba a anthu omwalira n'kumanamiza abale. Sindinakane. Foni ya malemu inaphwanyikira pa ngozi pomwe paja, koma simu kadi ndinaisunga.

Tsono imvani za Mailesi. Eya, yemwe uja, mkazi wawo woyamba, amene pamaliro anadzakhala pafupi ndi bokosi n'kumalira mokweza kuposa ine mwini wake, mpaka alendo ena ankapepesa iyeyo. Atamva zotseka tsambalo anabwera kuno, kugwada bwinobwino pakhonde, akuti mwana wawo Lonjezo alibe chithunzi n'chimodzi chomwe cha bambo ake, poti foni yake yakale inabedwa. Anapempha kuti tisanatseke titsitse zonse zili m'menemo, naye timugawireko. Zonse, achemwali! Ndinamuyankha mwaulemu kuti palibe vuto. Iye ali ndi mwana wotengera Gerishon mphuno ndi mayendedwe omwe, ine Mulungu sanandipatse. Changa chotsala chinali tsambalo, ndiye nalonso akulifuna.

Tsiku la msika ndinatsikira ku boma kwa a Laimoni, bambo aja amaika nyimbo m'mamemori kadi. Tinaika simu ija m'foni yanga, nambala yotsegulira inabwera, tinalowa m'tsamba la malemu pakompyuta yawo. Atafika potsitsira paja anaima, akuti pali mitundu iwiri ya fayilo ndipo ndisankhe ndine.

“Iyi ya HTML imatseguka ngati buku, mayi,” anatero. “Dzina, deti, mawu, zonse poyera, ngakhale mwana wa pulayimale awerenga. Inayi ya JSON ndi ya makina. Munthu ukaitsegula umangoona zokhotakhota, mutu kuwawa.”

Ndinafunsa bwinobwino ngati munthu wamba angaiwerenge ya makinayo. Anati angavutike nayo kwambiri. Basi, ine ndinati JSON. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, akuti anthu onse amatenga ya HTML, ndipo ngati ndikukayika tikhoza kuitanitsa zonse ziwiri. Ndinawauza kuti ndabwera ndi mutu wanga. Chimene ndinkaona m'maso mwanga ine ndi Mailesi atayala mkeka ku Ligowe kwawo, anzake atamuzungulira, iye akuwawerengera mokweza mawu achikondi a mwamuna wanga, onse n'kumaseka mogundana mapewa. Ndinati ayi, ameneyo adye zokhotakhota.

Msika wotsatira fayilo inali itapsa. A Laimoni anaikopera m'mamemori kadi awiri, yanga ndi ya Mailesi, kenaka anafunsa ngati ndingafune kuyamba ndaona mauthenga tisanatseke. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu ofuna nyimbo, aliyense khosi kutalika, komanso akazi awo a bambowa timasonkhana limodzi ku Mvano. Ndinati tsekani. Anatseka. Ndinakwera njinga yamoto kubwerera kuno mtima uli mbee, ngati munthu wopambana mlandu.

Memori kadi ya Mailesi ndinamutumizira, panadutsa nthawi, ine mpaka kuiwalako. Kenaka sabata yathayi Mailesi ndi uyo, atanyamula nkhuku yathadzi kudzathokoza. Ndinkadikira kuti adandaule, koma nkhope inali yowala ngati wadzola mafuta a pa Khirisimasi. Zithunzi zinatseguka zonse! Kani zithunzi zimabwera pazokha m'mitundu yonse iwiri, a Laimoni zimenezo sanandiuze, kapena anandiuza ine makutu ali kwina. Akuti Lonjezo wasindikizitsa chija bambo ake anamunyamula paphewa ali khanda, wachipachika kuchipinda. Ndinafunsa mozembera za zolembazo.

“Zimenezo ndiye zakanika, asisi,” anatero uku akumasula nkhuku miyendo. “Koma musadandaule, ndinazisunga pamtima.”

Pamtima, achemwali. Ndinalandira nkhukuyo ndi manja awiri, ndinamuperekeza mpaka pa mjigo, tinatsanzikana ngati anthu abwino. Pobwerera ndinkangodzifunsa ndekha. Kodi ndi mawu otani amene munthu amawasunga pamtima zaka zonsezi, banja litatha kalekale? Nkhukuyo mpaka lero ikungoyenda pabwalo, ndikaiona ndimataya chilakolako cha chakudya.

M'mawa mwake ndinali kwa a Laimoni. Ndinawapempha anditsegulire memori kadi yanga, andionetse pamene pali mauthenga, iwo akamweko tiyi. Ndi munthu wamkulu, anamva, anatuluka. Ndinayamba ndi fayilo ya dzina langa. Zokhotakhota zinalipodi, timizere, timadontho, mawu achingerezi obwerezabwereza, koma ukayang'anitsitsa pakatipo Chichewa chimaoneka bwinobwino. Ndinawapeza amuna anga mmene ndimawadziwira. Ndafika pa Zalewa. Tsekera mbuzi. Mchere ulipo? Lole yafa, usandidikire. Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe, chifukwa ndi momwe analili, munthu wosadziwa kunyengerera. Ine ndinkati ndi chibadwa chawo, ndipo ndinawakonda choncho.

Kenaka ndinatsegula fayilo ya dzina la Mailesi. Yaitali, achemwali, kutsetsereka osafika pansi. Zambiri zinali za Lonjezo, yunifolomu, malungo, nsapato zathina. Zimenezo sizinandipweteke, mwana ndi mwana. Koma chapakati ndinakumana ndi mzere uwu, pamwamba pake pali dzina la Gerishon: Ndakusowa kwambiri Mai, kuno tulo sindikupeza, mtima wanga uli komweko.

Munthu wa tsekera mbuzi yemwe uja! Kani ankadziwa kulemba zotere. Ine zaka zonse ndinawachapira, ndinawadikira lole ikafa m'matope, sanandilembereko n'kamodzi komwe kuti andisowa. Nsanje inandigwira. Ndikuvomera, ndikuchitira nsanje mkazi wosiyidwa chifukwa cha mwamuna amene ali m'manda, ndipo manyazi ndilibe.

Nditapumako ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi zakale, za nthawi imene anali pabanja, ine asanandidziwe. Ngati ndi choncho ndilibe mlandu nawo, aliyense ali ndi kumene anachokera. Ndinafufuza deti. Palibe. Pamalo pa deti pali chinambala chachitali ngati cha pa kadi ya mayunitsi. Ndinayesa kuona mauthenga oyandikana nawo kuti andiuze nyengo, koma wapamwamba ukungoti wadzuka bwanji, wapansi ukungoti zikomo. A Laimoni atabwera ndinawafunsa mwachabechabe, fayilo nditaitseka, kuti manambala aataliwo ndi a chiyani. Anati ndi deti yomweyo, kungoti yalembedwa m'kawerengedwe ka makina, ndipo ndikadasankha HTML bwenzi tsiku, mwezi ndi chaka zili poyera. Ndinafunsa ngati tingatsegulenso tsamba lija titsitse inayo. Anapukusa mutu, akuti nthawi yobwezera inadutsa, linafufutika basi. Anadzipereka kuti andimasulire nambala iliyonse imene ndikufuna. Ndinakana. Ndikadawapatsa, pofika Lachinayi Mvano yonse ikadadziwa chimene chikundidya.

Ndiye mwaona, khasu ndinanolera Mailesi landitema ndekha. Iye deti amaidziwa, ali nayo pamtima pomwe paja, ndipo kumufunsa ndiye bola kufa.

Nambalayo ndaikopera kuseri kwa pepala lino, ndaibwereza mosamala kuti ndisaphonye. Inu mumagwira makompyuta tsiku ndi tsiku, a Laimoni akuti pa intaneti sizitenga nthawi. Ukwati wathu mukuukumbuka, munaphika ndinu, unali mu Seputembala 2017. Ngati nambalayo ikunena za kumbuyo kwa pamenepo, ndiimbireni foni tsiku lomwelo, ndiphe nkhuku ija ndidye. Ngati ikunena za nthawi yanga, poyamba ndinafuna kulemba kuti mungokhala chete, koma ndaona kuti chete wanuyo ndidzamumva. Kunama nakonso simutha, mawu anu amanjenjemera kuyambira tili ana. Ndiye kaya, achemwali, inu ndinu aakulu, muona chochita. Chimene ndikudziwa n'chakuti mu Okutobala ndikaima pa chiliza chija, Mailesi ali mbali inayo, ndipo ndikufuna kudziwa ngati ndikulira mwamuna wanga kapena wathu.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma pepalali asalione. Ana muwauze kuti mbatata yawo ndawasungira thumba lathunthu. A Yohane akupereka moni. Lonjezo naye anati ndikamalemba ndikupatseni moni, mwanayo ndi waulemu, ndipo akamaseka ndimayang'ana kumbali chifukwa ndi bambo ake enieni.

Ndatha ine mng'ono wanu,

Ethel,
mkazi yekhayo wa a Gerishon, kufikira mutatembenuza pepalali.