Mayi wa Chijasi Chofiira

Loweruka, 14 Ogasiti 1993

Abwera. A Zondiwe, amuna anga a ukwati woyera, amene anathawa boma ine ndili ndi pathupi pa Judith. Zaka khumi ndi ziwiri. Boma lakhululukira onse othawa, ndiye akuti nanenso ndikhululuke, ngati ndine nthambi ya boma.

Ndevu za imvi. Digiri ya zomangamanga ya ku Hungary. Sutikesi imodzi ndi bokosi la masilayidi, tizithunzi toonetsa pakhoma ndi makina. Mphatso yanga: kapu yobiriwira, chogwirira chinathyokera m'ndege. Judith wawapatsa moni atagwada, ngati akulonjera abusa. Agona pabalaza.

Lachiwiri, 17 Ogasiti

Mawawa tsiku lonse. Ndaweruka ku sukulu, ndapeza mabulangete anga onse ali m'mawindo. Akuti tiyende mzinda wawo wa Pécs, amautchula Pechi.

Tayenda, titakhala pa mipando. Kuyambira pa bwalo la pakati, pamene pali mzikiti wa Aturuki umene Akhristu anausandutsa tchalitchi, mtanda atauimika pamwamba pa kamwezi. Kukwera mtunda kufika pa tchalitchi cha nsanja zinayi. Manda a pansi pa nthaka okhala ndi zojambula m'makoma. Msewu wina, khomo lililonse ndi miyuziyamu: ya mbale, ya zojambula, ya miyala. Anthu osunga mbale m'galasi osadyerapo!

“Mzinda umadziwika ndi mapazi, Winifred.” Zoona. Nanenso Mzuzu ndinamudziwa ndi mapazi, mwezi ndi mwezi kuchoka kuno ku Luwinga kukayankha ku polisi kuti amuna anga ali kuti. Miyuziyamu sindinaionepo panjira.

Chondikwiyitsa: n'kokongola. Chomene.

Pa ngodya ya pafupifupi chithunzi chilichonse pali mzungu wamkazi, chijasi chofiira. Ndafunsa. “Ameneyo ndi muyeso chabe. Ife omanga timaimika munthu pambali kuti kutalika kwa nyumba kuoneke.” Chabwino. Ine ndinangophunzira mbiri yakale ku Zomba, za miyeso ndidziwa bwanji?

Lachisanu, 20 Ogasiti

Anditenga kuyenda m'tauni ndi kamera. Wapansi, mpaka ku Salisbury Lines, nsapato zanga za ku tchalitchi m'matope. Mzinda uno akuti ulibe nkhope, ndi malata okhaokha. Malata omwewo ndi amene atifunditsa ine ndi mwana wawo.

Pa golosale ya a Kassim auza mwini wake kuti mzikiti wa ku Pechi uja unamangidwa ndi mnzake wa dzina. A Kassim: “Ndiye mukauze akumeneko kuti mwini wake wapezeka, ali ku Mzuzu, atsitse mtandawo.” Mkazi wawo Rabiya amangondiyang'ana ine. Ndi iye ankanditsegulira khomo nthawi imene a kwaya anzanga ankawoloka msewu akandiona.

Tinapeza nyumba yakale ya njerwa, ya nthawi ya azungu. “Taimani apo. Chakumbali pang'ono. Mukutseka khomo.” Ndinaima. Ndakwezedwa pantchito, ndine muyeso tsopano.

Lolemba, 23 Ogasiti

Alendo a chipani, atsogoleri awo a Hudson, amene chaka chatha chomwechi ankagulitsa makadi a chipani china. Amwa tiyi wanga ngati ali pa maliro a munthu wolemera. Akufuna a Zondiwe adzaime pa chisankho. Loweruka masana kukhale chionetsero cha masilayidi mu holo, anthu aone dziko limene linasiya chipani chimodzi makoma osagwa.

Ine ndiyendetse makina. Pomaliza adzandiimiritsa: mayi amene anadikira. “Amama, inu ndinu chipilala chathu,” atero a Hudson. Yewo. Lachisanu muyeso, Lolemba chipilala. Likamafika Lamulungu ndikhala miyuziyamu, olowa azivula nsapato.

Ndikaimirira mu holomo, basi, ndavomera pamaso pa Mzuzu yense. Mphasa ya pabalaza ipindidwa.

Mtima wina ukufuna. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachinayi, 26 Ogasiti

Andisiyira bokosi kuti ndizolowere makina. Iwo anasanja masilayidi motsata misewu: bwalo, mtunda, tchalitchi, mpanda umene okondana amakhomapo maloko. Koma pa kafelemu kalikonse pali mwezi ndi chaka chimene anatsukira. Matenda a mphunzitsi wa mbiri: ndasanja motsata zaka.

1985, muyeso ndi woonda, chijasi chomanga mabatani onse. 1987, pa masitepe a mzikiti, mabatani a pakati akukana. Miyezi ingapo, pa khomo la miyuziyamu ya mbale, chijasi chili yasa, dzanja kumsana. 1988, waondanso, ndipo pa ngodya pakuoneka chogwirira cha kangolo koyendetsera khanda. 1992, dzanja lake latsikira pansi, lagwira kadzanja. Kadzanja kakuda bwino ndithu, ka kwawo kwa a Zondiwe ku Nkhata Bay.

Nyumba zokha ndi zimene sizinasinthe. Iwo amaona nyumba basi, n'chifukwa chake zithunzizi sanazichotse.

Pa chakudya ndafunsa ngati ali ndi choti andiuze Loweruka lisanafike. Aganiza, ayang'ana kumwamba. “Denga ili likufunika mitanda ina.”

Loweruka, 28 Ogasiti

Holo yodzaza, mawindo otseka ndi zitenje. Ndinaika masilayidi m'dongosolo langa.

Poyamba a Zondiwe anadabwa kuti tachoka pa mzikiti tagwera pa manda, tabwereranso pa mzikiti. “Mayi asokoneza njira,” anatero, anthu n'kuseka. Anapitiriza. Munthu amadziwa nyumba zake, ameneyo. Miyala, zipilala, zaka mazanamazana.

Abambo ankaombera m'manja nsanja. Amayi anali chete, chete wa ku sikelo. Kenako Rabiya, amene Mulungu sanam'patse mawu onong'ona: “Anyina Judith, muyeso wanenepatu!” Chithunzi china. Mayi wina kumbuyo: “Watopa, msiyeni akhale pansi.” China. Mbali yonse ya amayi pamodzi: “Wachira!” Mpaka nthungululu.

Pa kadzanja kaja palibe anaseka. A Zondiwe anatembenuka, nayang'ana khoma nthawi yaitali, ndodo yolozera ili m'manja. Ndikhulupirira ndi lero pamene aona chithunzicho koyamba. A Hudson anayambitsa nyimbo, palibe anailandira.

Sanandiimiritse.

Ndinapambana. Ndipo pozimitsa makina ndi pamene ndinaona Judith, mzere woyamba, diresi yake ya Khirisimasi. Ndinasanja zaka zonse, ndinaiwala mwana.

Lamulungu, 29 Ogasiti

Apita kwa achimwene awo ku Chibavi. Bokosi atenga, kapu asiya. Pakhomo: “Mayiyo ndi Ilona. Mwana ndi Eszter. Mukanandifunsa mwachindunji.” Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikufunsidwa mafunso m'malo mwawo, lero akuti sindidziwa kufunsa.

Ku tchalitchi sindinapite. Judith sanadye. Madzulo: “Amama, kamwana kaja kakudziwa kuti ine ndilipo?”

Lachinayi, 9 Seputembala

Chipani chapeza munthu wina. A kwaya ayambanso kuwoloka msewu. Akuti mkazi wabwino amatsukira zotere kuchipinda. Judith akumapita ku Chibavi akaweruka ku sukulu, bambo ake akumuphunzitsa kugwira kamera. Sindiletsa.

Lero wabwera ndi envulopu. Zithunzi za tsiku lija tinayenda m'tauni, atsukitsa. Msika, malata, golosale ya a Kassim. Nyumba ya njerwa ija yatuluka bwino, khomo lonse likuoneka. Ine ndili pa ngodya, kamunthu ngati chala, matope mpaka m'akakolo.

Ndayandikiza pa windo kuti ndione nkhope. Sindikuyang'ana nyumba. Ndikuyang'ana wojambula, mutu wopendekera, ndipo ndikumwetulira. Ndendende ngati wa chijasi uja mu 1985.