Dzina la pa Chitupa cha Laimoni

Gatuma, Rodeshiya
8 Okutobala 1950

Okondedwa Achemwali a Mailesi,

Muli bwanji ku Nsambe kumeneko, inu, alamu ndi ana? Kodi chifuwa cha amayi chija chinatsika? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa. Odwala achuluka pachipatala cha mgodi pano, ndipo madresa, ife omanga mabala, tatsala awiri okha.

Ndikulemba za Lameki, mwana wa malemu Yunike wa ku Chifunga, uja munkaimba naye kwaya. Mukudziwa kuti Yunike anapita ndi njala ija. Chimene simukudziwa n'chakuti mwana wakeyo ali m'nyumba mwanga muno. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ananyamuka mu Meyi kudzafuna bambo ake, a Laimoni, amene anachoka kwathu iye akadali kumsana. Anadzera ku Tete wapansi, akutsata anthu olowera ku Halale, ndipo anaima pamafamu awiri a fodya kugwira ganyu kuti apeze chakudya. Anafika kuno ndi zilonda mapazi onse, china chakuya moti ndinaopa kuti chakhudza fupa.

Ndafufuza mmene ndingathere. Mabuku athu a odwala ndawerenga kuyambira 1938, tsamba ndi tsamba, kawiri konse. Ndalembera makalaliki a migodi inayi. Laimoni wa ku Neno palibe. Sabata yatha a William, mkulu wa ku Matandani amene amaphika kukomponi, anandiseka kuti ndikungotaya inki. Akuti Laimoni analibe chiphaso cha msonkho, ndiye pamalire anaonetsa cha mbale wake amene anali atamwalira kale. Chitupa chake chinalembedwa m'dzina la wakufayo, ndipo kuno munthu amadziwika ndi chitupa basi. Dzinalo a William aliiwala. Ndinachita manyazi, achemwali, ndi sukulu yanga yonseyi.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Chifunga kwa a Gerishon, amalume ake a Laimoni, mukafunse dzina la mbale womwalirayo, la bambo ake ndi la mudzi wake. Musatume munthu, mupite nokha. Aphunzitsi akulembereni m'zilembo zikuluzikulu, ndipo awerenge mokweza a Gerishon akumva.

Chonde musachedwe. Lameki wamva kuti ku mgodi wa Wanki kuli anthu akwathu ambiri, ndiye akuti apita kumeneko. Ndamuuza kuti ndi kutali, ndiponso kuti wopanda chitupa amamangidwa panjira. Iye anangondifunsa ngati bambo akewo adzabwera okha iye akakhala pansi. Tapangana kuti adikire mpaka mapazi apole, ndipo mwanayu sabweza mawu. Kalata imayenda masiku khumi ndi awiri kupita, enanso khumi ndi awiri kubwera. Zilondazo sizitenga masiku onsewo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu a Jimu, azakhali a Clara ndi ana onse. Lameki akuti muuze amake aang'ono kuti ali moyo, asamulire.

Mundipempherere, achemwali. M'mawa uno ndamanga bandeji phazi lake lamanzere, limene linapola kale Lachitatu, ndipo ndamuuza kuti asalipondetse pansi.

Ndine mlongo wanu,
Ezekiele