Dzina la nyenyezi yapakati

Lolemba, 8 Januwale 2024

Thandie, mwana wanga, wachira m'mawa uno. Mwana wamkazi, wonenepa, mawu ngati hutala ya sitima ya Ilala. Ndathokoza Mulungu nditaima pakhonde la chipatala, chipewa m'manja. Mkazi wanga Tryphena akanakhalapo bwenzi ataimba mpaka anamwino kumutulutsa. Chaka chachiwiri tsopano chimuikireni m'manda.

Thandie akuti: "Ada, dzina mupereka ndinu. Lija ama ankanena, la nyenyezi yapakati."

Ndavomera. Sindinamuuze kuti ndaliiwala.

Lachitatu, 10 Januwale

Mvula tsiku lonse. Denga la kukhitchini likudontha, malata akwera mtengo.

Nyenyezi zake ndi zitatu zija zondondozana, Akamwiniatsatana. Tryphena ankazitchula mayina a Chiarabu. Anaphunzira kwa bambo ake, omwe ankayenda m'zombo za matanga ku Nkhotakota. Yakumapeto Mintaka, inayo Alinitaki. Yapakati, ankati, ndiyo ya mdzukulu wathu woyamba wamkazi. Ine ndinkangoti eya, maso ali pa wailesi. Ndinkayesa adzalitchula yekha.

Mwina nditaiona ndingakumbuke. Koma mitambo.

Loweruka, 13 Januwale

Cedric, mkamwini wanga, wabwera ndi shuga ndi sopo. Munthu wabwino. Foni yake imadziwa zonse, koma ndikamufunsa, Thandie amva kuti ndinataya mawu a amayi ake. Sindinamufunse.

Kudoko ndafunsa mkulu wina wa ku Nkhotakota wogulitsa mpunga. Waseka. "Bwana, ine nyenyezi yanga ndi tochi."

Mchombo ukagwa, mwana atuluka m'chikuta, dzina lidzafunika tsiku lomwelo. Akuti mwina Lachiwiri.

Lolemba, 15 Januwale

Ndinatsika ku Chikale kukabwereka makwerero okonzera denga kwa Mai Margaret. Ndi mnzake wa Tryphena, ankayanika usipa pathandala limodzi. Maliro atatha ndinawapatsa nkhuku zathu zitatu, sindinkafuna kuziona.

Ndikudikira pakhomo, iwo akuwaza madeya kuseri. Ndiye ndikumva: "Nilamu! Nilamu, iwe wakuba iwe, choka pa ufa!"

Ndinakhala pa mtondo.

Alinilamu, dzina lija la yapakati. Mkanda wa ngale.

Akuti nkhuku zonse zitatu Tryphena anazitcha mayina a nyenyezi, chifukwa zinkayenda motsatana. Mintaka anadyedwa pa Khirisimasi, Alinitaki anatengedwa ndi kabawi. Yatsala yapakati, thadzi lokalamba la khosi lopanda nthenga. "Ndinkafuna kulipha Lamlungu," akutero, "koma likadaikirabe."

Ndawathokoza, ndati yewu, yewu ukongwa, ama. Adabwa, akuti makwerero okha mpaka misozi? Ndabwerera kunyumba, makwerero ndawaiwala komweko.

Lachiwiri, 16 Januwale

Mwana watuluka. Ndamunyamula, ndatchula: Nilamu.

Kenako ndawauza zoona, kuti ndinaliiwala, ndalitola kwa nkhuku. Cedric waseka mpaka kutsamwa tiyi. Thandie anayamba ndi kuseka, n'kumalizira kulira. Akuti: "Ndi ama amenewo. Ankadziwa kuti simumvetsera, Ada."

Ndapempha Mai Margaret asaphe thadzi lija. Madeya ndizigula ine. Akuti ndapenga, koma avomera.

Chakudya chamadzulo chisanapse mitambo yang'ambika pang'ono pamwamba pa mtengo wa mango. Zitatu zonse, mzere umodzi. Tryphena, mwanayu wafanana nawe pachipumi. Thandie akundiitana kuti ndimuonetse yapakati, ndiyambe ndapita